Zilembo za Mtovu ndi Sukulu za Ukachenjede: Kodi Luso la Osindikiza Akale Tiliike Pati?

Alimi a kwa Kapelula, m'zidikha za fodya za boma la Kasungu, ali ndi liwu limene amagawana ndi anthu a mabuku. Fodya akauma m'chigafa, akasankhidwa ndi kumangidwa timitolo, amamudinda: amamuyala m'bokosi nazungulitsa jeke mpaka masamba ataphathana kukhala belo loyenera ulendo wa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Buku nalonso timati ladindidwa. Mbiri ikuvomereza ubale umenewu, pakuti makina amene Johannes Gutenberg adakonza ku Mainz cha m'ma 1450 adatengera chofinyira mphesa cha alimi a dziko lake, chimene chinkatsika pozungulitsa mtengo wosemedwa mazinga, monga momwe atsikira jeke wathu. Chatsopano chimene iye adabweretsa ku Ulaya chidali zilembo zachitsulo zoumbidwa chimodzichimodzi m'chikombole, zotheka kuzindandalika, kuzimasula ndi kuzindandalikanso. Anthu a ku Korea adamutsogolera pa nzeru imeneyi, ndipo buku lawo la Jikji, la chaka cha 1377, lilipobe.

Luso limeneli lidalamulira ntchito ya mabuku kwa zaka pafupifupi 500. Litagonja pa malonda, sukulu zina za ukachenjede za maiko akunja zidalitola ndi kuliika m'maphunziro awo. M'nkhani ino tifuna kuweruza mchitidwe umenewo ndi kuona ngati ukutikhudza ife a ku Malaŵi. Maganizo athu tiwaneneretu: luso ili liyenera kupatsidwa malo m'yunivesite ya kuno, koma pa zifukwa zosiyana ndi zimene zimalikometsa ku America, ndipo tikangolitengera monga liliri kumeneko tidzakhala tagula chidole chodula.

Mmene ntchitoyo inkayendera

Wotola zilembo ankaima patsogolo pa kabati ya mathireyi. Thireyi iliyonse idali yogawidwa tizipinda, ndipo kachipinda kalikonse kadali ndi chilembo chake. Chilembocho ndi kachitsulo ka mtovu wosakaniza ndi tini ndi antimony, kotalika moperewera pang'ono inchi imodzi, ndipo kumutu kwake kuli nkhope yotembenuka ngati ya pa chidindo cha mfumu. Munthuyo ankatola zilembo chimodzichimodzi naziika chozondoka m'kachitsulo kogwira kudzanja lamanzere. Mpata wa pakati pa mawu nawonso udali kachitsulo, kofupikirapo kuti kasalandire inki, ndipo kuti mzere udzaze bwino iye ankasinthanitsa timipatati mpaka mzerewo utalimba. Mizere ikakwana tsamba ankaimanga ndi chingwe, naikhomera m'felemu yachitsulo, napaka inki, nadinda pepala loyesera kuti zolakwa zioneke. Pepala limodzi lalikulu linkalandira masamba 8 mbali ino ndi 8 mbali inayo, oyalidwa mwakuti polipinda katatu masamba 16 atsatane bwino. Kenaka osoka mabuku ankalumikiza mapepala opindawo ndi ulusi, namata chikuto. Ntchito ikatha, zilembo zinkatsukidwa ndi kubwezeredwa, chilichonse m'kachipinda kake, kudikira buku lina.

Pali kanthu kena kamene munthu sangakaone pakompyuta. Opanga zilembo ankazigulitsa powerengera mmene chilankhulo chawo chimazigwiritsira ntchito. Za Chingerezi zinkabwera ndi e wochuluka, pamene k ndi z adali owerengeka. Tsono Chicheŵa chimadya a, chimafuna k, m, n ndi w pafupifupi mzere uliwonse, ndipo q ndi x alibe nacho ntchito. Amene atola Chicheŵa ndi zilembo zowerengedwera Chingerezi amapeza kuti tizipinda tina tauma msanga pamene tina tikadali todzaza. Ngakhale ŵ wa kachipewa, amene ali m'dzina la dziko lathu, ankafuna kachitsulo kakekake, ndipo kachitsuloko kakasowa m'thireyi, lamulo la kalembedwe linkagonja pamaso pa wotola zilembo. Wophunzira amene wagwira zimenezi ndi zala zake sangaganizenso kuti kalembedwe ka chilankhulo chathu kadangotuluka m'mitu ya akatswiri.

Makina a Linotype, amene Ottmar Mergenthaler adayamba kugwiritsa ntchito ku nyuzipepala ya New York Tribune m'chaka cha 1886, adafulumizitsa ntchito poumba mzere wathunthu nthawi imodzi, komabe udali mtovu womwewo wodindidwa papepala. Chimene chidathetsa ufumu wa mtovu ndi makina a offset pamodzi ndi kundandalika zilembo mwa kujambula, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo kompyuta idadzatsiriza.

Mbiri yake kuno kwathu

Ena amayesa kuti iyi ndi nkhani ya Azungu okhaokha. Mbiri ikuwatsutsa. Mishoni ya Blantyre, imene idayamba m'chaka cha 1876, idali ndi nyumba yakeyake yosindikizira, ndipo kuyambira 1888 inkatulutsa magazini ya Life and Work. Amene adayang'anira ntchitoyo zaka zambiri adali mwana wa dziko lino, Mungo Murray Chisuse, amene adakaphunzira kusindikiza ku Edinburgh, yemwenso adatisiyira zithunzi za John Chilembwe. Ku Khondowe, sukulu ya Overtoun imene Robert Laws adatsegula m'chaka cha 1894 inkaphunzitsa kusindikiza ndi kusoka mabuku pambali pa ukalipentala ndi kumanga nyumba, ndipo magazini ya Aurora idayamba kutuluka kumeneko mu 1897. Boma la atsamunda ku Zomba lidayamba kudinda British Central Africa Gazette mu 1894. A mishoni ya Dutch Reformed, amene adafika ku Mvera mu 1889 nadzakhazika likulu lawo ku Nkhoma, adatulutsa mabuku a sukulu, a nyimbo ndi magazini ya Mthenga. Akatolika adadza pambuyo: ku Likuni kudayamba kutuluka nyuzipepala ya The African mu 1950, imene pambuyo pake idatchedwa Odini, ndipo ku Limbe a Montfort adayamba magazini ya Moni mu 1964.

Kasungu ili pamalire a mbiri imeneyi. Mishoni ya kumeneko idayambidwa ndi a Livingstonia, ndipo m'zaka za m'ma 1920 idaperekedwa kwa a Nkhoma. Motero agogo a alimi a lero adaphunzira a, e, i, o, u m'mabuku ochokera ku nyumba ziwiri zosindikizira, iliyonse ndi zizolowezi zake za kalembedwe. Zaka zambiri Chichewa Board isadakhazikitsidwe mu 1972, chimene chinkazoloweretsa maso a anthu kuti liwu lakuti limalembedwa motere chidali Buku Lopatulika la 1922 pamodzi ndi timabuku ta sukulu ndi ta nyimbo. Kalembedwe kathu kadayamba kukhazikika m'mathireyi a zilembo komiti iliyonse isadakhale pansi.

Choncho pamene tinena za kusunga luso ili, tikunena za ntchito imene Amalaŵi adaigwira kwa mibadwo itatu kapena inayi. Ndipo n'chodabwitsa kuti mayunivesite ena a masiku ano ali pa mapiri omwewo pamene makinawo ankalira: University of Livingstonia idatsegulidwa ku Khondowe mu 2003, ndipo Nkhoma nayo ili ndi yunivesite yake.

Zimene tiyenera kudzudzula m'mbiriyo

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene afuna kusunga luso ili chifukwa chongolakalaka masiku a amishoni ayenera kukumbutsidwa kuti manja otola zilembo adali a Amalaŵi, koma kiyi wa chitseko adali m'thumba la mmishoni. Iye ndiye ankasankha buku loti lidindidwe ndi loti ligone m'kabati. Ku Lesotho, buku la Thomas Mofolo lotchedwa Chaka lidalembedwa cha m'ma 1910, koma nyumba yosindikizira ya mishoni ku Morija idalitulutsa mu 1925. Kuno kwathu, Nthondo la Samuel Josiah Ntara, limene lidapambana mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures mu 1933 nalimasulira T. Cullen Young m'Chingerezi chaka chotsatira, ndi buku lokoma ndi lodziwa mudzi wa Chicheŵa. Komabe njira ya mwini nkhaniyo ikuthera pa kutembenuka mtima, monga momwe zinkathera nkhani zambiri zodindidwa pa mishoni. Sitikunena kuti Ntara adalemba zimene sadazikhulupirire. Tikunena kuti pamene makina ali amodzi ndipo mwini wake ali ndi cholinga chimodzi, nkhani zothera kwina sizipeza pepala. Mlandu umenewu ukukhudza mipingo yonse imene idali ndi makina, wathu womwe.

Dziko litalandira ufulu, kiyi adangosintha thumba. Lamulo la 1968 loyang'anira zofalitsa lidapatsa boma mphamvu yoletsa mabuku, ndipo olemba ambiri adaphunzira kulankhula mokuluwika. Mphamvu ya nyumba yosindikizira yosakhala m'manja mwa boma idaonekera poyera pa 8 March 1992, pamene kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi. Kalatayo idadindidwa ku Balaka, kwa a Montfort, ndipo posakhalitsa nyumbayo idaponyeredwa moto. Amene adayatsa motowo adadziwa bwino kumene kudali mphamvu. Pa 14 June 1993 Amalaŵi adavotera ndale za zipani zambiri.

Chodzudzula china ndi kusowa kwa maina. Mlimi wa tenanti pa esiteti amabzala, amathyola, amasoka, amasankha ndi kudinda, koma belo likafika ku okushoni limanyamula nambala ya mwini esiteti. Chimodzimodzinso buku lakale: pachikuto pali dzina la wolemba, pansi pali dzina la mishoni, koma amene adatola zilembo zikwi makumi ambiri, chimodzichimodzi, satchulidwa. Chisuse timamudziwa chifukwa adakwera pamwamba. Anzake ambiri adalowa m'manda opanda wowawerenga. Ophunzira zolembedwa amafunsidwa pa mayeso za mutu wa nkhani, za atengambali ndi za zining'a, ndipo n'koyenera kutero. Koma buku amalitenga ngati mawu oyandama m'mlengalenga, opanda thupi ndi opanda amene adaliumba.

Chitsanzo cha kunja

Mayunivesite akunja amene amasunga luso ili ali m'magulu awiri, ndipo tiyenera kuwasiyanitsa. Gulu loyamba limaphunzitsa kusindikiza kuti ophunzira adziwe kuwerenga mabuku akale. Laibulale ya Bodleian ku Oxford idatsegula chipinda cha makina akale mu 1949 ndi cholinga chimenechi. Phindu la maphunziro otere lidaoneka m'ntchito ya Charlton Hinman, ya chaka cha 1963, pa buku lalikulu la masewero a Shakespeare lodindidwa mu 1623. Potsata tizilembo tothyoka timene tinkabwerabwera m'masamba osiyanasiyana, ndi poona zizolowezi za kalembedwe, iye adatha kusonyeza dongosolo limene masamba adatoledwera ndi kusiyanitsa manja a anthu amene adawatola. Anthu opanda maina adayamba kuoneka. Njira imeneyi ingagwire ntchito pa mabuku a ku Nkhoma, ku Khondowe ndi ku Likuni, makamaka timabuku timene tidatuluka topanda chaka kapena todindidwa kambirimbiri ndi kusintha kwa apa ndi apo. Koma wosadziwa mmene tsamba limamangidwira sangaone zizindikiro zimenezi ngakhale zili pamphuno pake.

Gulu lachiwiri limaphunzitsa kupanga buku ngati chosema cha mmisiri. University of Alabama idayamba digiri yotere mu 1985, ndipo University of Iowa ili ndi malo ake a maphunziro a buku. Ophunzira amapanga pepala ndi manja, amatola zilembo, amasoka, natulutsa mabuku owerengeka okongola kwambiri, amene amagulidwa ndi malaibulale olemera ndi anthu osonkhanitsa zinthu zosowa. Sitikukana kuti m'ntchito imeneyi muli luso lenileni. Chimene tikukayika ndi mzimu wake. Gutenberg adafuna kuchulukitsa mabuku. Awa amanyadira kuchepa kwake. Osindikiza akale ankayesetsa kuti chilembo chingokhudza pepala osalivulaza, pakuti kudinda mozama kunkawononga zilembo ndi kuonekera kuseri kwa tsamba. Masiku ano ogula amafuna dzenje lozama m'pepala lokhuthala, kuti chala chimve kuti ndalama zidapita. Chimene chidali cholakwa kwa mmisiri chasanduka chokometsera cha makadi a ukwati.

Mwambo wathu ndi wosiyana ndi umenewu. Mabuku a kuno adali a anthu osauka: katekisimu, buku la nyimbo, kabuku kophunzirira kuwerenga, kotchipa ndi kolowa m'thumba la jekete. Ubwino wake udali wakuti mawu aoneke pa kuwala kwa koloboyi ndiponso kuti ulusi upirire manja a banja lonse. Tikaiwala zimenezi tidzaphunzitsa ana a alimi kupangira alendo zikumbutso. Tiyeneranso kuzindikira kuti yunivesite si linga losagumuka. Wells College, m'chigawo cha New York, idali ndi malo otchuka a luso la mabuku kuyambira 1993, koma koleji yonseyo idatsekedwa mu 2024 chifukwa cha mavuto a ndalama.

Mawu a wotsutsa

Kholo la kwa Kapelula limene lagulitsa mabelo ake kuti lilipire fizi lingatifunse motere: mwana wanga mukamuphunzitsa ntchito yakufa, adzadya chiyani? Mphunzitsi wa pulayimale angawonjezere kuti kuyambira 1994, pamene fizi ya pulayimale idachotsedwa ndipo ana atsopano opitirira miliyoni imodzi adalowa m'makalasi, vuto la sukulu zathu lakhala kuchepa kwa mabuku, ana angapo kupenyera tsamba limodzi. Mankhwala a vuto limeneli ndi makina othamanga. Wina angakumbutsenso kuti mtovu ndi poizoni. Onsewa akunena zoona, ndipo amene angayankhe kuti zilembo za mtovu zidzadzaza sukulu zathu ndi mabuku kapena kupatsa achinyamata ntchito zambiri akunyenga anthu.

Yankho lathu lichokera kwina. Aristotle adasiyanitsa nzeru yodziwa zifukwa za zinthu, nzeru yodziwa kuchita zoyenera pa moyo, ndi nzeru yodziwa kupanga chinthu. Ndipo yachitatuyi adaiwerenga ngati ntchito ya maganizo, yosangokhala chizolowezi cha manja. Sukulu zathu zidalandira kwa atsamunda maganizo akuti wophunzira weniweni ndi wa kolala yoyera, ndipo wa ovolosi ndi amene adalephera mayeso. Chipinda chimene wophunzira wa digiri amadetsa zala ndi inki, naphunzitsidwa ndi nkhalamba imene sidafike Fomu 4, chimawongola maganizo opotoka amenewa kuposa maulaliki khumi. Michael Polanyi, m'buku lake la 1958, adasonyeza kuti pali nzeru zimene sizitheka kulembedwa zonse m'malamulo, zimene zimangopatsirana kuchokera kwa mmisiri kunka kwa womuyang'anitsitsa, ndipo zikagona m'badwo umodzi zimatayika. Wosankha fodya amadziwa ndi chala kuti tsamba lafewa mokwanira kulimanga osathetheka, koma sangakulembereni papepala mmene amadziwira. Wosindikiza nayenso amamva ndi khutu, pa kulira kwa inki pa chogudubuza, kuti yachuluka kapena yachepa. Makina angathe kudikira m'nyumba yosungira zakale zaka 100. Khutu limenelo silidikira.

Pa za mtovu, ngozi yaikulu ili pa kusungunula ndi pa fumbi. Wotola zilembo zoumbidwa kale amatetezeka posadya kapena kusuta ali pantchito ndi posamba m'manja akaweruka, ndipo chipinda chophunzitsira sichifunika ng'anjo.

Palinso gawo limodzi la luso ili limene phindu lake silifuna filosofi kuti lioneke, ndilo kusoka ndi kukonza mabuku. Buku lomatidwa ndi guluu yekha limayoyoka msanga m'manja mwa ana. Losokedwa ndi ulusi limapirira, ndipo likang'ambika limatheka kusokedwanso. Mphunzitsi wotuluka ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu atadziwa singano, ulusi, nsalu ndi katoni, mabuku a sukulu yake angatalikirepo moyo. Dziko limene lidataya zikalata za boma pa moto wa ku Zomba mu 1919, nilitayanso laibulale ya Mzuzu University pa moto wa mu December 2015, silingayese osunga ndi okonza mabuku anthu apadera.

Chimene yunivesite ingachite

Sitikupempha dipatimenti yatsopano kapena digiri yatsopano. Chipinda chimodzi pa yunivesite imodzi chikwanira, chokhala ndi makina ang'ono opalasa ndi phazi kapena okoka ndi dzanja, osafuna magetsi, ndi makabati angapo a zilembo. Maphunziro ake akhale a teremu imodzi, otsegukira ophunzira zolembedwa, mbiri, zaluso ndi za malaibulale. Gawo lina likhale la manja, gawo lina likhale lofufuza mabuku akale amene ali ku National Archives ku Zomba, kumene lamulo limafuna kuti chodindidwa chilichonse cha m'dziko muno chisiyidweko, ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Pepala lopanga ndi manja si lachilendo kuno: bungwe la PAMET ku Blantyre lidadziwika ndi kupanga mapepala kuchokera ku mapepala otha ntchito ndi makungwa a zomera.

Chodindidwa m'chipindacho chikhale chimene amalonda sangachidinde chifukwa ogula ndi ochepa: miyambi ndi nthano za dera limodzi, nyimbo za pamtondo, mawu a ntchito ya fodya monga amawanenera akuluakulu a kwa Kapelula, ndakatulo za m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chitonga ndi m'Chisena. Mtengo wake ukhale woti wofotokoza nthanoyo angaukwanitse. Ndipo patsamba lotsiriza palembedwe maina onse: wonena, wolemba, wotola zilembo, wodinda ndi wosoka. Ngongole ya maina imene tatchula ija tingayambe kuibweza motero.

Koma ntchito ili ndi dongosolo lake, ndipo chipinda sichiyamba. M'maiko ambiri, nyumba zosindikizira zitagula makina atsopano, zilembo zidagulitsidwa pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha, pakuti mtovu ndi wolemera ndipo uli ndi msika. Choncho mipingo ndi makampani amene ali ndi makabati akale m'zipinda zosungiramo katundu awerenge zimene ali nazo ndi kuzilemba, wa sikelo asadafike. Choyambirira kuposa chimenechi ndi anthu. Mnyamata amene adalowa ntchito yotola zilembo mu 1965 ali ndi zaka 18 akuyandikira zaka 80 tsopano. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Aphunzitsi a mbiri ndi a zilankhulo atumize ophunzira awo ku Likuni, ku Nkhoma, ku Limbe, ku Zomba ndi ku Khondowe kukafunsa kumene kuli agogo amenewa, kukajambula mawu awo, kukalemba maina amene ankatchulira zipangizo zawo m'chilankhulo chathu, ndi kuwapempha mwaulemu kuti abwere adzaime pambali pa thireyi kuti achinyamata aone mmene dzanja limayendera. Ulendo wotere umafuna ndalama za basi ndi lamya yojambulira mawu, ndipo ungayambe tchuthi chikubwerachi.